Pamene Ankakumba Pabiriwira, Koma Kodi Pachiradi? Kayezedwe Kake Chaka ndi Chaka

Mu Febuluwale Blantyre yense amabiriwira. Phiri la Ndirande, limene mu Okutobala limakhala la mbee, limavala msipu mpaka pamwamba, ndipo ngakhale padzala pamamera chisoso ndi bonongwe. N'chifukwa chake munthu akandionetsa chithunzi cha pamene pankaswedwa miyala ya kwale, chojambulidwa mvula ili pakati, n'kumati malo aja abwerera m'chimake, ndimamupempha kuti tidzapiteko limodzi mu Okutobala. Nthawi imeneyo udzu umakhala utauma, moto wa osaka mbewa utadutsa, mbuzi zitabudula zonse zimene zingafikire. Chimene mwachipeza chili moyo pamenepo ndicho chimene malowo ali nachodi.

Migodi ikuluikulu ili kutali ndi ife: malasha ku Mchenga m'boma la Rumphi, yureniyamu ku Kayelekera m'boma la Karonga. Ife athu ndi malo oswa kwale ngati a ku Njuli panjira ya ku Zomba, maenje a njerwa m'madambo, pamene anakumba dothi lothira m'misewu, ndi magombe a mitsinje ogumuka chifukwa chotapa mchenga. Lamulo la zachilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa MEPA, bungwe la boma loteteza zachilengedwe, pamodzi ndi lamulo la migodi la 2023, amafuna kuti wokumba akonze malo akamaliza. Koma kukwirira dzenje ndi kubzala mbande ndi ntchito ya sabata zochepa. Kuti nthaka igwirenso moyo pamapita zaka, ndipo amene angaone zimenezi ndi inu amene mumadutsapo popita kumunda kapena kuchigayo. Zimene ndikulemba apa komiti ya m'mudzi, kalabu ya pasukulu kapena mwini malo angathe kuzichita ndi ndalama zochepa.

Zofunika ndi izi: kope lachikuto cholimba, pensulo chifukwa inki imafalikira ikanyowa, tepi ya amisiri omanga, chingwe cha mamita 50, penti wa mafuta, foni ya kamera, sipoko ya njinga, chitini chodula mbali zonse ziwiri, ndi anthu atatu. Mmodzi woyeza, wina wolemba, wachitatu wodziwa mayina a mitengo. Wachitatuyu kawirikawiri amakhala agogo, ndipo musapite popanda iwo.

Yambani ndi kufunsa, tepi ili m'thumba

Pitani kwa amfumu ndi kwa mwini malo mukapemphe chilolezo. Kenako funsani mbiri ya malowo n'kuilemba pa tsamba loyamba. Ankakumba chiyani, ndipo anasiya liti? Dzenje analikwirira ndi chiyani: miyala yotsala, zigumu za nyumba, kapena dothi? Funso lalikulu kuposa onse ndi lakuti dothi lakuda lapamwamba, limene anayamba kupala asanakumbe, analibwezera kapena ayi. M'dothi limenelo ndi mmene mumakhala njere, mizu ndi tizamoyo ta m'nthaka. Pamene analibwezera zomera zimabwera msanga. Pamene anangosalaza dothi lofiira lapansi, mungadikire zaka mukuona thanthwe ndi fumbi. Funsaninso mitundu ya mbande zimene anabzala, kuchuluka kwake ndi mwezi wake.

Yendani malo onse tsiku loyambalo, mujambule mapu ndi dzanja. Musayandikire m'munsi mwa khoma la kwale, pakuti miyala imagwa popanda chenjezo makamaka mvula ikangotha kugwa, ndipo madzi odikha m'maenje amenewa amakhala akuya kuposa mmene amaonekera. Ana asatsagane nanu kumeneko.

Pezani malo ofanizira

Nambala payokha sinena kanthu. Mukapeza kuti theka la nthaka laphimbidwa ndi zomera, mudziwa bwanji ngati ndi bwino kapena ayi? Pamafunika malo ena apafupi amene sanakumbidwepo, otsetsereka mofanana ndi anuwo, oti muziwayeza m'njira yomweyo. M'midzi yathu yambiri mitengo yachilengedwe inatsala kumanda kokha. Kumanda salowako chilowelowe, ndiye kambiranani ndi amfumu, ndipo akalola muyeze chakumphepete kumene kulibe mitumbira. Nkhalango ya m'mudzi imene ikusamalidwa ingathandizenso. Amene sanaonepo mmene tchire la kuno limaonekera likasiyidwa, akayende kunkhalango yachilengedwe imene ikusungidwa bwino aone misuku, miwanga ndi milombwa, agwire ndi dzanja masamba owola amene ali pansi pake.

Gawani malo, ndipo poyezera musasankhe ndi maso

Malo okumbidwa sakhala ofanana ponse. Pansi pa dzenje pamene malole ankadutsa ndi potsendereka ngati msewu. Pamulu wa dothi lotayidwa ndi pofewa koma posachedwa kukokoloka. M'mphepete, pafupi ndi tchire, njere zimagwerapo zokha. Gawani mapu anu motsatira kusiyana kumeneku, magawo atatu kapena anayi, ndipo m'gawo lililonse muikemo timinda toyezera tosachepera titatu. Tisanu ndi bwino koposa ngati muli ndi anthu.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndipo salakwitsa dala. Mtima wa munthu umamukokera pamene pali pobiriwira, makamaka ngati anabzala ndi iyeyo. Lembani manambala pa timapepala, muponye m'chipewa, wina atole: nambala yoyamba ikhale mapazi oyenda kulowera kum'mawa kuchokera pangodya ya gawolo, yachiwiri mapazi olowera kumpoto. Pamene mwaima ndi pomwepo, kaya ndi pathanthwe lopanda kanthu.

Kamunda kalikonse kakhale mamita 10 mbali zonse zinayi. Kuti mudziwe kuti ngodya zake zawongoka, yezani chopingasa kuchokera pangodya ina kukafika pa yoyang'anana nayo, mupeze mamita 14 ndi masentimita 14.

Tsopano zizindikiro. Ife poyamba tinakhoma zitsulo zotsala pomanga nyumba, koma titabwerera patapita miyezi sitinapezepo n'chimodzi chomwe, pakuti zitsulo zakutha zili ndi msika. Zikhomo zamtengo nazonso zimadyedwa ndi chiswe kapena kupsa. Chimene chimakhalitsa ndi kuumba kachipilala ka simenti n'kukakwirira kuti kangoonekera pamwamba pokha, kapena kulemba nambala ndi penti pamwala waukulu wosasunthika. Lembani malowo pa GPS ya foni, koma musaidalire yokha chifukwa imaphonya ndi mamita angapo. Onjezerani mawu m'kope, monga akuti mapazi 12 kuchokera pa mwala wosweka pakati kulowera kumene kuli phiri la Soche. Munthu amene sanakhalepo tsikulo azitha kupapeza.

Chithunzi cha pamalo amodzimodzi

Pa kamunda kalikonse imani pa chizindikiro chimodzi chomwecho, muyang'ane mbali imodzi yomweyo, foni ili pachifuwa. Mnzanu aime mamita 10 kutsogolo atagwira nsungwi ya mamita awiri yopakidwa penti, ndi pepala lolembapo nambala ya kamundako ndi tsiku. Muonetsetse kuti m'chithunzimo muli chinthu chosasintha, phiri kapena khoma la kwale. Jambulani m'mawa nthawi zonse. Potumizirana pa WhatsApp, tumizani ngati dokumenti, chifukwa njira ya masiku onse imachepetsa chithunzi n'kuchotsa tsiku ndi malo amene chinajambulidwira.

Muziyeza kawiri pachaka: kumapeto kwa Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo zomera zitakula mokwanira, ndi mu Okutobala mvula isanayambe. Malichi muzimufanizira ndi Malichi mnzake, Okutobala ndi Okutobala mnzake. Kuika chithunzi cha chilimwe pambali pa cha dzinja n'kumati taonani kusintha, ndi kunamiza anthu.

Chingwe cha mfundo 100

Uwu ndiye muyezo umene ndimaukonda, chifukwa suvuta ndipo susiya mpata wokangana. Mangani mfundo pa chingwe chija theka la mita lililonse, zikwane 100. Chitambasuleni kuchokera pa chizindikiro chanu modutsa m'mbali mwa chitunda, osati motsika nacho, ndipo mbali imene mwalowera muilembe kuti chaka chamawa mudzatsate yomweyo. Pa mfundo iliyonse tsitsani sipoko choimirira osayang'ana pansi, kenako muone chimene nsonga yake yakhudza. Wolemba alembe chimodzi mwa zinayi: chomera chamoyo, masamba kapena udzu wouma wogona pansi, mwala, kapena dothi lapambalambanda. Chikakhala chomera, agogo atchule dzina lake.

Tiyerekeze kuti mwapeza chomera pa mfundo 46, zouma pa 19, mwala pa 10, dothi pa 25. Ndiye kuti pa magawo 100 aliwonse, 25 ndi amene mvula ikuwamenya mwachindunji. Nambala imeneyi ndi imene iyenera kutsika chaka ndi chaka. Masamba ouma musawaone ngati zinyalala zofunika kusesa. Ndi amene amasunga chinyontho, ndipo akawola amasanduka dothi limene malowo akusowa.

Mayina a zomera ndi ofunika ngati nambala yomwe. Zaka zoyambirira mumapeza chisoso, bonongwe, khovani ndi zina zomera ndi mvula n'kufa ndi chilimwe. Zimenezi si zoipa, ndi zotsegula njira. Koma ngati zaka zitatu zapita mukupezabe zomwezo, malowo aima. Mufuna kuona udzu wokhalitsa ngati kapinga ndi tsekera ukulowa, kenako zitsamba, kenako mitengo. Chimene simukuchidziwa thyolani kanthambi kokhala ndi masamba ndi maluwa, mukapanikize pakati pa nyuzipepala, mukapatse nambala. Mlangizi wa zankhalango angakuthandizeni, ndipo ku Zomba kuli National Herbarium kumene ntchito yawo ndi yomweyi yozindikira zomera.

Samalani ndi lantana. Amabiriwira bwino, maluwa ake ndi okongola, mbalame zimafalitsa njere zake, ndipo akaphimba malo pansi pake sipamera kanthu. Masamba ake ndi poizoni kwa ng'ombe. Deliya nayenso, ngakhale alimi amapangira manyowa, akasiyidwa amadzaza malo onse. Mukawerenga mfundo za zomera, ziwirizi muziziika padera, apo ayi kope lidzakuuzani kuti zinthu zikuyenda pamene tchire lenileni likutsamwitsidwa.

Kuwerenga mitengo

M'kamunda ka mamita 10 kaja werengani mbande zonse zobzalidwa, zamoyo ndi zakufa. Ngati anabzala motalikirana mamita awiri ndi theka, muyembekezere maenje 16. Mukapeza zamoyo 11, ndiye kuti zapulumuka pafupifupi 69 pa 100 zilizonse. Phatikizani timinda tonse ta gawo limodzi musananene kanthu, chifukwa kamunda kamodzi kangakusokeretseni. Mbande yooneka youma ikandeni pang'ono khungwa ndi chikhadabo chakumunsi. Mukaona zobiriwira mkati, ikadali moyo.

Musangolemba kuti yafa. Lembani chimene chaipha. Yodyedwa ndi mbuzi imakhala yobudulidwa nsonga. Ya chiswe imazuka mosavuta, mizu itatha. Ya moto imadziwika ndi kuda kwa tsinde. Imene yangouma chiimire pamalo otsendereka, ikumbeni muone: nthawi zambiri mizu imakhala itapotana m'dzenje momwemo ngati ili mu chubu, italephera kuboola. Matenda anayiwa mankhwala ake ndi osiyana, ndipo kupakiza mbande zatsopano musanadziwe chinapha zoyambazo ndi kutaya ndalama kawiri.

Mtengo uliwonse wamoyo upatseni nambala, muyeze kutalika kwake. Ukapitirira msinkhu wa munthu, yezaninso kunenepa kwake pa mita 1.3 kuchokera pansi: zungulizani tepi pa thunthu, nambalayo muigawe ndi 3.14. Pakanipo kadontho ka penti kuti chaka chamawa tepi idzadutse pomwepo. Pofuna kudziwa mitengo ya pa hekitala, chulukitsani ya m'kamundako ndi 100.

Ndiye pali chinthu chimene ine ndimachiona kuti n'chachikulu kuposa zonsezi. Gwadani, mupatule udzu ndi manja, mufunefune timitengo timene palibe anatibzala. Kachitimbe, kampoza, kamthethe, mphukira yotuluka pa muzu wakale, kachere womera m'mng'alu wa thanthwe. Njere zimenezi zabwera ndi mphepo, mbalame kapena mileme, ndipo nthaka yazilandira. Malo amene ayamba kudzibzala okha sakudaliranso nazale kapena ndalama za wina. Tiwerengeni padera, mulembe mtundu wake, ndipo polambula muuze anthu asatidule. Tsiku limene ndinapeza msuku wotalika ngati chala pamalo amene kale panali fumbi lokhalokha, ndinaitana anzanga onse kuti adzauone.

Mitengo yachilengedwe imafuna kuleza mtima. Yambiri imayamba yazika mizu pansi zaka zingapo, kumtunda ikuoneka ngati sikukula, ndipo ikapsa imaphukanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bulugamu ndi keshya zimathamanga, ndipo keshya mbuzi sizimukonda, n'chifukwa chake obzala ambiri amasankha zimenezi. Sindikuzikana, pamalo ouma gwaa zimapereka mthunzi ndi nkhuni. Koma munda wa bulugamu wokhawokha, pansi pake popanda udzu, ine sindiuwerenga ngati tchire labwerera. Lembani kuchuluka kwa mitundu, osati kwa mitengo kokha.

Nthaka

Khomani chitini chija pansi masentimita 5, muthiremo madzi a m'botolo la theka la lita, muwerenge mphindi mpaka onse atalowa. Chitani chimodzimodzi pamalo ofanizira aja tsiku lomwelo. Pamene madzi akuchedwa kwambiri ndi potsendereka, ndipo mvula ikagwa imangothamanga pamwamba. Kumbani ndi khasu kadzenje kakuya ngati chikhatho ndi theka, muone ngati pamwamba payamba kuda, ngati muli timizu, nyongolotsi kapena tinjira ta nyerere. Bowa womera pansi pa mitengo yachilengedwe ndi chizindikiro chabwino, pakuti misuku ndi mitengo ina ya mtundu umenewu imakhala mothandizana ndi bowa m'mizu yake.

Pachitunda yang'anani timakwawa ta madzi. Kalikonse kayezeni kuya ndi kutambalala pamalo amodzi oikapo chizindikiro. Kakamakula chaka ndi chaka, mawa ndi chigwembe. Ife a ku Blantyre, amene tinaona matope akutsika m'phiri la Soche kulowa m'Chilobwe nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, sitifunika kuuzidwa mphamvu ya madzi pamalo otsetsereka. Ngati m'munsi mwa mulu wa dothi muli nyumba, mng'alu uliwonse wotseguka pamwamba pa muluwo ukanenedwe kwa amfumu ndi kukhonsolo tsiku lomwelo, osadikira nthawi yoyeza.

Pamene mbande zikufa chaka ndi chaka popanda chifukwa chooneka, tengani dothi mukaliyezetse. Alangizi a zaulimi angakulozereni koyezetsa, monga kumalo a kafukufuku a Bvumbwe. Vuto limasiyana malinga ndi chimene chinkakumbidwa. Kumigodi ya malasha, mwala wotchedwa pyrite ukakumana ndi mpweya ndi madzi umatulutsa asidi, ndipo madzi ake amasiya dzimbiri lachikasu pamiyala. Pamene ankakumba miyala ya laimu, ngati ku Changalume m'boma la Zomba, dothi limapendekera mbali inayo, yotsutsana ndi asidi. Pa kwale wa miyala yolimba vuto limakhala lakuti dothi lenilenilo palibe. Malo a yureniyamu ndi nkhani ina, yofuna akatswiri ndi zipangizo zawo, osati chingwe ndi chitini.

Kuyang'ana kuchokera kumwamba

Ngati wina pakati panu ali ndi kompyuta, Google Earth imaonetsa zithunzi za zaka zapitazo, ndipo mungaone mmene dzenje linakulira ndi mmene likutsekekera. Zithunzi za Sentinel-2, makina ojambula dziko ali mumlengalenga, ndi zaulere, zimabwera masiku asanu aliwonse, ndipo kadontho kamodzi kamaimira mamita 10, ngati kamunda kanu kaja. Akatswiri amawerengerapo muyezo wa kubiriwira wotchedwa NDVI. Koma kumwambako lantana ndi msuku zonse ndi zobiriwira, ndiye zithunzizi zikuuzeni kumene mukayende, osati zimene mukapeze.

Nambala zisanduke ntchito

Mukamaliza ulendo uliwonse, khalani pansi sabata yomweyo zinthu zisanaiwalike. Pa tsamba limodzi ikani manambala asanu a gawo lililonse: dothi lapambalambanda, mbande zopulumuka, timitengo todzimerera, kuchuluka kwa mitundu, ndi mphindi za madzi m'chitini. Pambali pake ikani a chaka chatha ndi a malo ofanizira. Chaka chimodzi choipa chisakugwetseni mphwayi, mwina mvula inavuta, ndipo mudzaona kuti ndi kumalo ofanizira komwe zinthu zatsika. Koma zaka ziwiri zotsatizana popanda kusintha zikutanthauza kuti pali chofunika kukonza.

Ngati wapha mbande ndi moto, lambulani njira zotchinga moto mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse, ndipo amfumu alankhule ndi osaka mbewa. Ngati ndi mbuzi, tchingirani ndi minga ndipo mugwirizane ndi eni ziweto. Potsendereka kumbani maenje akuluakulu muthiremo manyowa ndi dothi lakuda. Pokokoloka bzalani vetiva m'mizere yopingasa chitunda, mutseke timakwawa ndi miyala imene pamalo otere siisowa. Lantana mumuzule ndi mizu yomwe asanabereke, ndipo pamene mwazulapo mubzalepo china msanga. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, koma pamalo a dothi lochepa chonchi pakizani kumayambiriro, Disembala kapena Januwale, kuti mizu igwire mvula isanathe. Ndiye chifukwa chake muyezo wa Okutobala ndi wofunika: umakupatsani miyezi iwiri yokonzekera mbande.

Zimene mwapeza muziwerenge pamsonkhano wa m'mudzi, ndipo mupereke kope lina kwa mwini malo kapena kampani imene inakumba, lina ku ofesi ya zankhalango kapena ya zachilengedwe ya boma. Polankhula ndi kampani, tsamba la manambala ndi zithunzi za pamalo amodzi zaka zitatu zotsatizana zimamveka kuposa madandaulo apakamwa, ndipo ngati agwira ntchito yabwino tsamba lomwelo lidzawachitira umboni. Kope lenilenilo lisakhale ndi munthu mmodzi. Jambulani tsamba lililonse pa foni, anthu awiri kapena atatu asunge, ndipo chaka chilichonse mutenge wachinyamata mmodzi watsopano kuti aphunzire pamene pali zizindikiro. Musanabalalike, lembani pa tsamba lotsatira tsiku la ulendo wina ndi dzina la amene adzasunge chingwe.